Webusaiti ya uchi ndi chiponde cha azakhali m'masiku khumi

Azakhali anga amagulitsa uchi ndi chiponde ku Chirimba. Uchiwo amaoda kwa alimi a njuchi a ku Mzimba, chiponde amapera okha ndi atsikana awiri owathandiza. Atapeza malo pachionetsero cha zamalonda ku Chichiri, anandiimbira Lolemba m'mawa. "Mwana wa achimwene, anzanga onse pamakadi awo a bizinesi alembapo dzina la pa intaneti. Ine ndili ndi K100,000 basi, ndipo osindikiza makadi akufuna zonse pofika Lachinayi la sabata ya mawa." Ndinawerenga pazala, masiku khumi. Ndinavomera.

Ndinayambira pa dzina, lomwe amati domain, chifukwa ndi lokhalo lomwe osindikiza ankadikira. Tsamba la pa intanetilo ungalikonze ngakhale usiku wotsiriza, koma dzina likalembedwa pamakadi 500 silifufutika. Maina othera ndi .mw amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi SDNP, ndipo ndinalakalaka lotero, koma ndinasankha .com poti ndikanaligula usiku womwewo pamtengo wosapitirira madola 15 pachaka. Vuto linali kalipiridwe. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipira m'madola chimaluma, komanso ndalama zakunja n'zosowa, moti khadi langa la kubanki linakanidwa kawiri. Msuweni wanga wa ku Johannesburg ndiye analipira ndi khadi lake, ife n'kupereka makwacha kwa mayi ake kunoko.

Apa pali chinthu chimene sindinalole kuti tichithamangire. Akaunti yogulira dzinalo ndinatsegula ndi imelo ya azakhali, osati yanga kapena ya msuweniyo, ndipo mawu achinsinsi tinalemba m'kope lawo la ngongole. Ndaonapo anthu amalonda akulira chifukwa mnyamata amene anawakonzera tsamba analembetsa dzina ngati lake, kenako n'kusamuka kapena kusintha nambala. Chaka chikatha dzina limafa, pomwe lili pamakadi, pachikwangwani ndi pamabotolo. Zimandiwawa, chifukwa n'zopeweka ndi mphindi zisanu zokha. Tsiku lolipiranso chaka chamawa ndinaliika pakalendala ya mufoni mwawo.

Tsiku lachiwiri ndinaganiza zomangira. WordPress, pulogalamu yotchuka yomangira mawebusaiti, ndi yabwino, koma imafuna malo osungira tsamba olipira chaka ndi chaka, ndiponso munthu woiyang'anira kuti isakalambe n'kulowedwa ndi akuba. Azakhali alibe munthu wotero. Ndinalemba tsamba limodzi lokha la HTML, chilankhulo cholembera masamba a pa intaneti, n'kuliika pa Netlify, malo osungira masamba, pomwe tsamba laling'ono chonchi limakhala ulere. Umangokoka foda ya tsambalo n'kuiponya pamenepo.

Ntchito yeniyeni inali pakhonde pa azakhali, Lachitatu madzulo. Iwo ankafuna mbiri ya bizinesi kuyambira pomwe ankagulitsa mtedza wokazinga, zithunzi zoyendayenda zokha, ngakhale kanyimbo koyamba munthu akangotsegula. Sindinawatsutse. Ndinati, "Azakhali, tabwerekeni foni yanu tione zimene makasitomala amakufunsani." Tinawerenga mauthenga a pa WhatsApp a miyezi iwiri. Mafunso ake anali omweomwewo: botolo ndi zingati, lalikulu ndi lotani, muli pati, ku Lilongwe mumatumiza? Wina aliyense wachitatu ankafunsanso ngati uchiwo ndi wosathira shuga. Azakhali anakhala chete, kenako anati, "Basi lemba zomwezo." Mbiri ija inatsala ziganizo zitatu pansi pa chithunzi chawo, ndipo ndi ziganizo zabwino, chifukwa akunena okha kumene uchi umachokera.

Pa mitengo tinakambirana nthawi yaitali. Iwo ankaopa kuilemba poti mtedza ndi mabotolo zikukwera mwezi ndi mwezi. Ine ndimaona kuti tsamba lopanda mtengo limathamangitsa anthu, munthu amaganiza kuti n'zodula n'kuchita manyazi kufunsa. Tinagwirizana kuilemba, pansi pake n'kuikapo tsiku lomwe yasinthidwa komaliza. Mawu onse tinalemba m'Chichewa ndi m'Chingerezi, poganizira eni mashopu ndi malo ogona alendo.

Zithunzi ndinajambula Loweruka cha m'ma 7 koloko m'mawa, dzuwa lisanawawe, mabotolo ali pansalu yoyera pafupi ndi zenera. Zithunzi zotola pa intaneti ndinazikana. Wogula akaona botolo lonyezimira lakunja n'kulandira lina, sadzabweranso. Chithunzi chilichonse chochokera mufoni chinali cholemera pafupifupi 4MB, ndipo zisanu ndi chimodzi zikanamudyera munthu bandulo asanaone n'komwe mtengo. Ndinazichepetsa ndi Squoosh, kachida kaulere ka Google kogwira ntchito mubulawuza (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) momwemo, n'kuzisunga ngati WebP, mtundu wa zithunzi zopepuka. Chilichonse chinatsika kufika pansi pa 100KB, tsamba lonse osakwana 1MB. Poyesa sindinadalire laputopu yanga. Ndinabwereka kafoni ka itel ka mmodzi wa atsikana opera chiponde, n'kuima kuseri kwa nyumba komwe netiweki imavuta. Pamenepo m'pomwe ndinaona kuti zilembo za mitengo n'zazing'ono, ndipo ndinazikulitsa.

Zolipirira patsamba pomwepo sindinaike. M'malo mwake pansi pa katundu aliyense pali batani lobiriwira lotsegula WhatsApp ya azakhali, uthenga utalembeka kale wotchula chimene munthu akufuna. Linki yake imayamba ndi wa.me, kenako 265, kenako nambala yopanda ziro woyambirira uja. Poyamba ndinamusiya ziroyo ndipo batani linkakana, zinanditengera ola kuti ndizindikire. Akagwirizana, wogula amalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba monga akhala akuchitira kale.

Lolemba lachiwiri ndinalumikiza dzina lija ndi tsamba. Zimenezi zimatha kutenga maola 48 kuti zifike paliponse, n'chifukwa chake musazisiyire tsiku lomaliza. Magetsi anazima ndili mkati mosintha, ndinamalizitsa pafoni. Lachiwiri masana tsamba linatseguka ndi dzina lake, lili ndi https, chitetezo cha tsamba chomwe Netlify imapereka ulere kudzera ku bungwe la Let's Encrypt, kotero bulawuza sichenjeza munthu kuti malowa ndi osatetezeka. Madzulo ake ndinawatsegulira Google Business Profile kuti shopu idzaoneke pamapu a Google, ndinapanganso QR code, kachizindikiro kojambula ndi foni kuti tsamba litseguke, yoika kuseri kwa khadi. Ndinaisindikiza kaye papepala wamba pamlingo wa khadi n'kuiyesa ndi mafoni atatu.

Lachitatu, kutatsala tsiku limodzi, tinapereka zonse kwa osindikiza. Pa K100,000 ija panachoka ndalama ya dzina, mabandulo ndi thiransipoti ya maulendo anga anayi a ku Chirimba. Yotsalayo azakhali anaonjezera pogula mabotolo.

Tsiku loyamba la chionetsero ndinali kuntchito. Cha m'ma 3 koloko azakhali ananditumizira chithunzi cha uthenga womwe analandira kuchokera kwa mayi wina wa shopu ku Zomba, woyamba ndi mawu aja ndinalemba pabatani, wofunsa mabotolo 24 a chiponde. Pansi pake analemba kuti, "Mawa usinthe mtengo wa botolo laling'ono, mtedza wakweranso."