Mphutsi zofiira za m'matope a Shire: sabata ya Okutobala kudambo ndi kulabotale

Sabata ino tinagwira malo atatu pakati pa Nchalo ndi Bangula. Oyamba ndi ngalande yotulutsa madzi m'madimba a chimanga, momwe alimi akupopera mankhwala a ntchemberezandonda. Achiwiri ndi thamanda lokutidwa ndi namasupuni m'mbali mwa Elephant Marsh, dambo lomwe linalowa pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, mu 2017. Achitatu ndi khwawa lopanda minda kumtunda kwake, loti tizifanizira nalo. Cholinga ndi kuona ngati mankhwala opoperawo akusiya chizindikiro m'matupi a tizilombo ta m'madzi. Timasaka mphutsi za Chironomus, zotalika sentimita imodzi kapena awiri, zomwe zikakula zimasanduka tizilombo tooneka ngati udzudzu koma tosaluma. Zimafiira chifukwa cha haemoglobin, yomwe imazithandiza kupirira pansi pa matope pomwe okosijeni ndi wochepa.

Selo lililonse logwiritsa ntchito okosijeni limatulutsa zotsalira zaukali, superoxide ndi hydrogen peroxide, ndipo zimenezi zimadya mafuta a khungu la selo, mapuloteni ndi DNA. Mphutsi ili nazo zodzitetezera: ma enzyme, mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'selo, otchedwa SOD, catalase ndi GST. SOD imasandutsa superoxide kukhala hydrogen peroxide, catalase n'kuiphwanya kukhala madzi ndi okosijeni, pomwe GST imamata glutathione, kachinthu koteteza komwe selo limapanga, pa poizoni kuti atuluke m'thupi. Zaukalizo zikaposa mphamvu ya zodzitetezera, ndiyo oxidative stress. Mafuta owonongekawo amasiya chotsalira chotchedwa MDA, monga momwe nsinjiro zokhalitsa zimayambira fungo ndi kuwawa. Povuta ndi apa: mankhwala opopera, zitsulo za m'matope, kutentha, ngakhale kagwiridwe ka wotola, zonsezi zimasuntha manambala a catalase, GST ndi MDA omwe timayeza. Ndipo kuno kutentha sikosowa, Okutobala amadutsa madigiri 40.

N'chifukwa chake Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu tinkatenga malo amodzi pa tsiku, onse m'bandakucha pa ola lofanana. Madzi a madigiri 30 amasunga okosijeni pafupifupi mamiligalamu 7.5 pa lita, a madigiri 20 pafupifupi 9. Usiku zomera ndi zowola zimamumaliza, masana ndere zimamubweza mothamanga, ndipo kubwera mwadzidzidzi kumeneku kumachulukitsa zaukali zija. Kutola malo ena 6 koloko m'mawa, ena 2 koloko masana, ndi kuyeza dzuwa osati madzi. Choncho tisanavundule matope timayamba talemba kutentha, okosijeni ndi pH ya madzi a pansi.

Matope timatapa a pamwamba, masentimita asanu okha, kusefa ndi sefa ya maso a 0.5 mm, kutsuka ndi madzi a pomwepo, n'kukhuthulira m'beseni loyera pamthunzi. Kutola mphutsi kwake ndi pipette, kachubu kokokera madzi, ya pulasitiki yodula kukamwa. Chopanira ayi: mphutsi ikafinyika imatuluka madzi ofiira, ndipo puloteni wambiri wapita nawo. Timasankha za msinkhu wachinayi, womaliza, koma zotupa pachifuwa timazisiya popeza zatsala pang'ono kusanduka ndipo thupi lawo lasintha kale kagwiridwe ka ntchito. M'chubu chimodzi mumalowa mphutsi 15, machubu asanu pa malo. Kudambo ntchito yonseyi imachitikira m'bwato, ndi msodzi wodziwa pokhala ng'ona ndi mvuu.

Ena amasiya mphutsi maola 24 m'madzi oyera kuti zitulutse matope a m'mimba. Poyeza zitsulo n'zoyenera. Poyeza catalase ndi GST ife sititero, chifukwa tsiku lathunthu m'madzi ozizira, odzaza okosijeni, limafufuta zomwe mphutsiyo inakumana nazo kungalande. Timazipukuta madzi ndi pepala losefera, kuziika m'chubu, n'kuponya chubucho mu nayitirojeni wamadzi, wa madigiri 196 kunsi kwa ziro, pasanathe mphindi zochepa. Ayezi wa m'bokosi amangofika pa ziro, ndipo firiji ya panyumba yogona alendo si yodalira: magetsi akazima, zoumazo zimasungunuka n'kuumanso, ma enzyme afooka, MDA yakwera yokha. Pokwera phiri la Thabwa chigubu cha nayitirojeni chimamangidwa chilili kumbuyo kwa galimoto, chivundikiro chosathina. Mkati mwa galimoto yotseka magalasi sichilowa, nthunzi yake imakomola.

Lachinayi, kulabotale ku Blantyre, machubu anatuluka mufiriji ya madigiri 80 kunsi kwa ziro. Mphutsi timazipera pa ayezi mu phosphate buffer ya 0.1 M, pH 7.4, kenaka kuzunguza mu centrifuge, makina olekanitsa matsenga ndi madzi, pa 10,000 g kwa mphindi 15, pa madigiri 4. Madzi a pamwambawo ndiwo timayeza, pa makina oona kuchuluka kwa kuwala komwe madziwo akuyamwa; mtundu wa kuwalako umatchulidwa mu nm. Catalase imawerengedwa pa 240 nm poona kuchepa kwa hydrogen peroxide, ndipo cuvette yake, kabotolo koikamo sampulo m'makinamo, ikhale ya quartz, ya pulasitiki wamba imatchinga kuwalako. Tinthovu ta okosijeni tikamatira m'mbali, mzere umalumphalumpha, ndiye chepetsani mphamvu ya sampulo pothira buffer, muwerenge mphindi yoyamba yokha. GST imayezedwa ndi mankhwala otchedwa CDNB pa 340 nm, ndipo chubu chopanda sampulo chisaiwalike, chifukwa CDNB imagwirana ndi glutathione pang'onopang'ono ngakhale popanda enzyme.

Yosautsa ndi MDA. Sampulo imawiritsidwa ndi mankhwala otchedwa TBA, ogwirana ndi MDA, pa madigiri 95 kwa ola, isanduke yapinki, iwerengedwe pa 532 nm. Koma haemoglobin nayo imayamwa kuwala pafupi pomwepo, ndipo ayironi wake amawononga mafuta ena powiritsa. Tsono timayamba tagwetsa mapuloteni ndi asidi wotchedwa TCA, n'kuthira BHT, mankhwala oteteza mafuta kuti asawonongeke, tisanawiritse. Haemoglobin yomweyo imasokonezanso masamu. Zotsatira timazigawa ndi kuchuluka kwa puloteni, woyezedwa ndi njira ya Bradford pa 595 nm, koma mphutsi za m'madzi osowa okosijeni zimapanga haemoglobin yambiri. Puloteni akakwera, enzyme imaoneka ngati yatsika pomwe sinasinthe. Timawerengeranso pa kulemera kwa mphutsi, manambala awiriwo tiwaike pamodzi.

Lachisanu tinali pa kompyuta. GST ya kungalande inali pamwamba pa ya kukhwawa, zomwe zingagwirizane ndi mankhwala opopera. Catalase inakwera kungalande, koma inakweranso pansi pa namasupuni pomwe palibe wopopera, ndipo m'mawa okosijeni anali wotsikitsitsa. MDA sinasiyane kwenikweni, kusonyeza kuti zodzitetezera zikugwirabe. Mu lipoti sitinalembe kuti madimba akuwononga dambo. Tapempha kuti matope a kungalande ayezedwe mankhwala mwachindunji, mitundu ya mphutsi itsimikizidwe poona mitu yake pa microscope popeza mitundu imasiyana kapiriridwe, ndipo malo atatuwa titolenso mvula yoyamba ikakokolola minda, kenaka mu Juni madzi atazizira.