Sewero la zaka 20 likatha mosakoma, musathamangire kunyoza wolemba

Sewero la pa TV likangotha, m'magulu a WhatsApp a Amalawi a ku Joni, ku Diepsloot, ku Rosettenville ndi ku Mayfair, mlandu umagwera munthu mmodzi, wolemba. Ati nzeru zinamuthera, ati watipusitsa zaka zonsezi. Kawirikawiri mlanduwo umapita kolakwika. Tsiku lotsekera sewero salisankha ndi olemba ayi. Limasankhidwa mu ofesi, ku Auckland Park ngati ndi SABC, ku Randburg ngati ndi MultiChoice, ndipo chomwe amayang'ana kumeneko ndi chiwerengero cha owonera, ndalama za otsatsa malonda ndi mtengo wojambulira. Olemba amangouzidwa kuti mwatsala ndi magawo akutiakuti, mangani katundu.

Tiyambe ndi mmene soapie, sewero la pa TV lopitirira zaka ndi zaka, amamangidwira, chifukwa vuto lonse lagona pamenepo. Sewero loonetsedwa Lolemba mpaka Lachisanu limadya magawo 260 pachaka. Likakwanitsa zaka 20 ndiye kuti lapyola magawo 5,000. Kuti lisaphwe, olemba amayendetsa nkhani zitatu nthawi imodzi, ngati mmene amalukira tsitsi la nkhosi zitatu: ina ikamafika pachimake, yachiwiri ili pakati, yachitatu ikungoyamba kumene. Palibe sabata imene zonse zimathera limodzi. Anachita kulikonza dala kuti lisakhale ndi mathero. Tsono kuliuza kuti lithe kuli ngati kuuza minibasi ya pa siteji ya Noord kuti itembenuke ili pakati pa mzere.

Kuwonjezera apo, gawo limene mukuonera madzulo ano silinajambulidwe dzulo. Pali gulu lokonza msana wa nkhani, limene limakhala patsogolo ndi miyezi ingapo. Kenako ena amaidula m'magawo, ena amalemba mawu oyankhula, ndiye kujambula, ndiye kulumikiza zithunzi ndi mawu. Choncho uthenga woti sewero likutha ukamafika, magawo ambiri amakhala atajambulidwa kale, ena atalembedwa kale, osewera atasainira kale masiku awo. Malo otsala oti olemba amangiremo mathero amakhala ochepa kuposa mmene owonera amaganizira.

Onani masiku ake. Isidingo, imene inayamba mu 1998 pa SABC3, analengeza kutha kwake chakumapeto kwa November 2019, ndipo gawo lomaliza linaoneka pa 12 March 2020. Amenewo ndi masabata pafupifupi 15, magawo osapitirira 80, oti atsekere nkhani za zaka zoposa 21. Anthu a 7de Laan anamva mu July 2023, sewero n'kutha pa 26 December chaka chomwecho. Rhythm City ya pa e.tv inali ndi mpata wokulirapo: chilengezo mu November 2020, kutha pa 16 July 2021, ndipo Lolemba lotsatira House of Zwide inali italowa kale pamalopo. Nthawi yoonetsera siikhala yamasiye ngakhale usiku umodzi.

Generations yokha ndiye sinapatsidwe ndi mwambo wa maliro womwe. Mu August 2014 osewera 16 anachotsedwa ntchito atanyanyala pa nkhani ya malipiro, magawo ojambulidwa kale atatha sewero linangozimiririka, ndipo pa 1 December 2014 linatulukira ngati Generations: The Legacy, nkhani italumpha zaka 20. Kulumpha zaka ndi njira yotchipa kwambiri yokwirira mafunso. Amene palibe mungoti anamwalira kapena anasamuka, basi.

Nanga chimawonongeka n'chiyani kwenikweni m'magawo omalizawo? Chachikulu ndi liwiro. Munthu amene owonera amudziwa zaka khumi ngati wouma mtima sangalape m'masabata awiri iwo n'kukhulupirira. Kusintha kwa khalidwe kumafuna masitepe ooneka: chimukhudze, akanize, chimupweteke, kenako agonje. Mukachotsa masitepe apakatiwo, owonera amamva ngati awabera, ngakhale mathero akewo akhale oyenera. Game of Thrones ndi chitsanzo chimene aliyense amachidziwa. Masizoni 6 oyambirira anali ndi magawo 10 iliyonse, ya 7 inali ndi 7, yomaliza mu 2019 inali ndi 6 okha. Ambiri amene anakwiya ndi kutembenuka kwa Daenerys, mtengambali amene anasanduka woipa kumapeto, sankatsutsa kuti zikanatheka. Ankatsutsa kuti anafikako mothamanga. Anthu oposa 1 miliyoni anasaina pa intaneti kuti sizoniyo ijambulidwenso. HBO, kanema mwini sewerolo, sinasunthe.

Chachiwiri ndi kuunjika. Poti nkhani ndi zambiri, olemba amathira ukwati, maliro, mimba ndi kumangidwa kwa chigawenga m'sabata imodzi. Chilichonse chimalanda mphamvu ya chinzake. Maliro amene akanaliza anthu sabata yathunthu amapatsidwa mphindi zinayi, poti gawo lonse, mukachotsa malonda, ndi mphindi 22 kapena 24 zokha.

Palinso nkhani yobweza nkhope zakale, imene owonera amaipempha kwambiri. Izi sizidalira wolemba. Wosewerayo mwina ali pa kontrakiti ku sewero lina, mwina anachoka atakangana ndi mabwana, mwina anatisiya. Mukaona munthu wofunika akungotchulidwa pa foni m'malo moonekera, dziwani kuti zinakanika ku ofesi.

Telenovela imayenera kukhala yosiyana, chifukwa amaigula ndi chiwerengero cha magawo chodziwikiratu, ndipo wolemba amadziwa kumene akupita. Koma kuno ku Joni ikangokondedwa amaiwonjezera. Isibaya inayamba mu 2013 ngati telenovela, inasanduka soapie, n'kudzatha mu 2021. The River inafika masizoni 6. Kuwonjezera kulikonse kumafuna kuti woipa apulumukenso, ndipo akapulumuka kachisanu, chilango chilichonse chomwe angalandire pamapeto chimaoneka chochepa. M'kuona kwanga apa ndi pamene owonera ali ndi mbali yawo pa mlanduwu: ndi ife tomwe timafuula kuti lisathe.

Mkwiyo wina sukhudzana ndi nkhani n'komwe. Kwa Mmalawi wofika kumene, masewerowa ndi sukulu. Ambiri Chizulu ndi Chisutu choyamba anachitola pa TV, akuwerenga mawu a Chingerezi m'munsimo, ndipo DiepCity ndi Gomora zinkaonetsa misewu yofanana ndi imene amadutsa popita kuntchito. Zonse ziwiri zinatha mu 2023. Chimene chimachoka ndi chizolowezi cha theka la ola nsima ili pamoto, komanso nkhani yocheza ndi achibale a ku Mangochi kapena ku Mzimba amene amaonera zomwezo pa DStv. Mathero angakome bwanji, dzenje limenelo sangalikwirire.

Ngati mukufuna kuweruza mwachilungamo, musaweruze gawo lomaliza lokha. Bwererani magawo 15 kapena 20, masabata atatu kapena anayi, chifukwa mathero a soapie amayambira kumeneko. Funsani ngati funso limene sewero linayamba nalo layankhidwa, kaya ndi la mwini mgodi, mwini kampani kapena mpando wa ufumu. Funsaninso ngati chimene wachita mtengambali wamkulu chili ndi mizu m'zimene tinamuona akuchita kale. Tinkhani tating'ono tosamalizidwa tisakuvuteni. Pa nkhani mazanamazana, kusiya zina n'kosapeweka.

Ndipo amene mumagwira shifiti ya usiku kapena magetsi akuthimirani, samalani ndi foni. Tsamba la TVSA limatulutsa mwachidule zochitika za mwezi wonse usanayambe, ndipo anthu amazijambula n'kuziponya m'magulu. Tsekani mawu a gululo kwa maola 8 kapena sabata, zimene WhatsApp imalola, ndipo pa X tsekerezani dzina la sewerolo. Gawolo mulipeza pa SABC+, pa eVOD kapena pa Catch Up ya DStv, malinga ndi kanema wake. Mukamaonera pa data, tsitsani mlingo wa chithunzi kufika pa 360p kapena 480p, apo ayi bandulo ikutherani woipa uja asanagwidwe.