Lipoti la Ulendo wa ku Manchester Wokaona Kafukufuku wa Graphene

Gulu lathu la aphunzitsi a sayansi linapita ku University of Manchester, ku England, kukaona ntchito yofufuza za graphene, kaboni wopyapyala kwambiri, ndipo lipotili ndalembera anzathu amene sanathe kupita nawo. Pasukuluyi ndi pomwe Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anakwanitsa kupatula graphene mu 2004, ntchito imene inawapezetsa mphoto ya Nobel ya fizikisi mu 2010.

Tinayambira ku National Graphene Institute, nyumba yomwe inadya ndalama zokwana mapaundi 61 miliyoni ndipo inatsegulidwa mu 2015. Wophunzira wina wochita kafukufuku, yemwe ankatitsogolera, anayamba watikumbutsa kuti graphene ndi kaboni yemweyo wa mu graphite wa m'pensulo, kungoti wasendedwa mpaka kutsala gawo limodzi lochindikala atomu imodzi yokha, maatomu ake atalukana ngati zisa za njuchi. Graphite wochindikala milimita imodzi amakhala ndi magawo otere pafupifupi 3 miliyoni.

Kenaka anationetsa kasendedwe kake. Anaika kachidutswa ka graphite pa selotepi, nkumapinda ndi kumatula mobwerezabwereza mpaka tepi yonse inachita mbuu ndi tizidutswa tonyezimira, ndipo anaidinda pa kambale ka silikoni. Kufika apa aliyense wa ife anaona kuti angathe kuchita zomwezo. Chovuta chinali kupeza kachidutswa koyenera, pakuti gawo limodzi la graphene limangomwa 2.3 peresenti ya kuwala, kwina konseko kumadutsa. Limaoneka chifukwa pamwamba pa silikoniyo amaikapo oxide (silikoni wophatikana ndi okosijeni) wochindikala mananomita pafupifupi 300 (milimita imodzi ili ndi mananomita 1 miliyoni), yemwe amasintha mtundu pang'ono pamene pagona graphene. Tinasinthana kusuzumira m'maikulosikopu, ndipo ambirife tinkathamangira kuloza zidutswa zowala kwambiri, zomwe kwenikweni ndi graphite wamagawo ambiri, pamene kofunikako kanali kachigamba kotuwa, kongosiyana pang'ono ndi mtundu wa kambaleko. Kwa ine apa ndi pamene panagona phunziro la ulendo wonse, chifukwa mabuku amene timaphunzitsira amatamanda selotepi nkuiwala maso ndi kudekha kwa wofufuzayo.

M'zipinda zosalola fumbi sitinalowemo, tinangoonera pagalasi. Mmenemo ofufuza, atavala zophimba thupi lonse, amasanjikiza graphene ndi zinthu zina zopyapyala chimodzimodzi. Boron nitride salola magetsi kudutsa, motero amatchinjiriza graphene pansi ndi pamwamba. Molybdenum disulfide amamufuna chifukwa amatha kutsegula ndi kutseka magetsi, zomwe graphene payekha satha, ndipo nchifukwa chake mpaka lero sanalande malo a silikoni m'makompyuta ngakhale amayendetsa magetsi mothamanga kwambiri. Anatiuzanso za gulu la Pablo Jarillo-Herrero la ku MIT, yunivesite ya ku America, lomwe mu 2018 linapeza kuti magawo awiri a graphene akasanjikizidwa mopotoza ndi madigiri pafupifupi 1.1 nkuziziritsidwa kwambiri, magetsi amayenda popanda chowatsekereza chilichonse.

Tinamalizira ku Graphene Engineering Innovation Centre, yomwe inatsegulidwa mu 2018 kuti igwire ntchito ndi makampani. Kuno selotepi ilibe ntchito, chifukwa tizidutswa take ndi tating'ono kwambiri. Graphene wamkulu amamumeretsa pa mkuwa wotenthedwa kufika madigiri Celsius pafupifupi 1,000 podutsitsapo mpweya wa methane, koma pomuchotsa pamkuwapo amakwinyika kapena kung'ambika. Graphene wina amapangidwa ngati ufa woti asakanizidwe mu konkire, mphira ndi utoto.

Ufa umenewu ndi umene unabutsa mkangano pakati pathu pobwerera. Ena ankati popeza graphene amatchuka kuti ndi wolimba kuposa chitsulo pafupifupi ka 200, chilichonse chothiridwa ufawo chiyenera kulimba modabwitsa. Ine ndinali kumbali ya otsutsa, pakuti chiwerengero chimenecho chimanena za gawo limodzi lopanda chilema, pamene ufa wambiri wogulitsidwa m'dzina la graphene umakhala wa magawo angapo ophatikizana, ndipo phindu lake limadalira kuti wamwazikana bwanji m'chinthu chimene wasakanizidwamo.