Zimene gawo lachitatu la Demon Slayer landiphunzitsa pa kawerengedwe

Anthu ambiri okonda katuni ya ku Japan ya Demon Slayer amakamba za gawo la 19, pamene Tanjiro akulimbana ndi chiwanda Rui pa phiri la Natagumo. Ndi gawo lokongola zedi, koma limene landikhala pamtima pamene ndikukonzekera mayeso a MSCE ndi lachitatu, lomwe mulibe nkhondo yolimbana ndi chiwanda.

Katuniyi inachokera ku nkhani yazithunzi ya Koyoharu Gotouge yotchedwa Kimetsu no Yaiba, imene inkatuluka m'magazini ya Weekly Shōnen Jump kuyambira 2016 mpaka 2020 ndipo inakwana mabuku 23. Kampani ya ufotable ndiyo inaijambula, n'kuyamba kuonetsedwa pa TV ku Japan mu Epulo 2019. Nkhani yake ikuchitika m'nthawi ya mfumu Taishō, pakati pa 1912 ndi 1926. Tanjiro Kamado ndi mnyamata wa kuphiri amene amasenza makala kukagulitsa m'tauni kuti adyetse amayi ake ndi abale ake. Tsiku lina atabwerera kwawo anapeza onse ataphedwa, kupatula mlongo wake Nezuko amene anasanduka chiwanda.

Kuti alowe m'gulu lopha ziwanda, Tanjiro anakaphunzira kwa mkulu wina dzina lake Sakonji Urokodaki pa phiri la Sagiri. Tsiku lililonse ankatsika phiri lodzaza misampha, kugwedeza lupanga mpaka manja kutupa, kuphunzira kugwa ndi kudzuka msanga, ndiponso kupuma mwa njira yapadera. Madzulo ankalemba zonse m'kabuku. Patatha chaka, Urokodaki anamuuza kuti zophunzitsa zatha. Anamuonetsa chimwala chachikulu kuposa munthu, nati akachidula ndi lupanga ndiye amulola kukayesedwa. Kuyambira pamenepo sanamuuzenso kanthu.

Apa ndi pamene ndinakhala tsonga. Kwa miyezi 6 Tanjiro ankabwereza zimene analemba m'kabuku muja, koma mwala osasweka. Kenako anabwera Sabito, mnyamata wovala chigoba cha nkhandwe, n'kumugonjetsa ndi lupanga lamtengo chabe. Mfundo ya Sabito inali yakuti Tanjiro anangosunga maphunzirowo m'mutu, thupi lake silinawadziwe. Makomo, mtsikana amene anabwera naye, ndiye ankakhala pafupi kumuonetsa pamene akutaya mphamvu pachabe ndi zizolowezi zoipa zimene mwiniwake sankaziona. Panapita miyezi ina 6 kuti mwala uja ugawike pakati.

Ife a Fomu 4 tili pa mwala womwewu. Aphunzitsi akumaliza silabasi, makope adzaza manotsi, ndipo ambiri tikhoza kutchula fomula ya quadratic equation tili m'tulo. Koma funso likabwera lobisika m'nkhani ya munda wamakona anayi, dzanja limauma. Kuwerenga notsi kumasangalatsa chifukwa zonse zimaoneka zodziwika. Kumasiyana kutali ndi kukhala pansi ndi pepala lopanda kanthu, buku lili chitsekere, wotchi ikuyenda.

Ndiye pano masamu ndi fizikisi ndimawaphunzira ndi cholembera m'manja. Ndimatenga mapepala a mayeso akale a MANEB, kuyankha popanda kusuzumira, kenako n'kusinthana ndi mnzanga wa m'gulu lathu lowerengera. Sitimangochonga yankho lomaliza. Timatsata mzere ndi mzere kuti tione pamene chizindikiro chasokonekera kapena pamene munthu wadutsa njira yaitali pomwe yachidule ilipo. Ntchito ya Makomo imeneyi ndaona kuti ndi yofunika kwambiri, chifukwa chizolowezi chako sungachione wekha.

Chinanso chimene ndimayamikira n'chakuti olemba sanabise kutalika kwa nthawi. Zaka ziwiri zathunthu zikudutsa m'gawo limodzi, tsitsi la Tanjiro likukula, zikhatho zikuuma ndi zikanga, ndipo akufika polira ndi kugunditsa mutu pamwala. Katuni zina zimapatsa ngwazi mphamvu mwadzidzidzi, koma iyi inalola kuti tione mwana akulephera kwa miyezi yambiri ngakhale akulimbikira moona mtima. Zandithandiza kuti ndisamathawe mutu wa trigonometry ukandivuta. Sabata ino gulu lathu lagwirizana kuti tichite mafunso a mutu umenewu okhaokha, aliyense akufotokoza pabolodi mmene wapezera yankho.