Kandalama ka 50 ngwee kamene kanaimitsa makina athu ochapira

Makina athu ochapira zovala, amene tinagula kwa banja lina la ku Kalongwezi, kuno ku Chipata, pamene linkasamukira ku Lusaka, ndi aja otsegulira pamwamba, olowa zovala zolemera makilogalamu 8, ndipo kwa zaka zitatu sanativutitsepo mpaka sabata yoyamba ya Januwale uno. Tsikulo anachapa bwinobwino, koma itakwana nthawi yotulutsa madzi ndi kufinya, anangoima n'kuyamba kulira kuti pii, pii, pii, zovala zili nyikiti m'madzi athovu. Zikanachitika mu Okutobala, pamene dzuwa la kuno ku Chipata limaumitsa ngakhale bulangete masana asanapendeke, sindikanafulumira nawo. Koma m'dzinja, mvula ikugwa pafupifupi tsiku ndi tsiku ndiponso sukulu zili pafupi kutsegulidwa, yunifomu yofinya ndi manja imatha masiku awiri pachingwe ikadali yachinyezi. Akazi anga anangoti, "Atate ake a ana, zida zija mumangozipukuta m'bokosi, lero tizione pa ntchito."

Loweruka loyamba ndinaliwononga chifukwa cha maganizo amene ndinabwera nawo kale. Popeza mgolo sunkazungulira pofinya, ndinatsimikiza mumtima kuti mota yapsa, makamaka chifukwa magetsi akhala akuzimazima, ndipo aliyense amene ndinamuuza anagwirizana nane asanaone n'komwe makinawo. Ndinazula pulagi pakhoma, ndinatseka mpope, ndinatunga madzi a m'mgolo ndi kapu mpaka atachepa, kenako ine ndi mwana wanga wamkulu tinapendeketsa makina n'kuwatsamiritsa pa matiresi akale kuti ndione kunsi. Mota sinkanunkha kupsa, ndipo poizunguza ndi dzanja inkayenda mosakakamira. Lamba anali wosang'ambika. Kapasita (kachipangizo kosunga magetsi kothandiza mota kuzungulira) ndinayamba ndaitulutsa moto wotsalira ndisanaikhudze, pakuti imatha kusunga mphamvu ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo amene sanagwidwepo ndi magetsi a mavoti 230 asafune kuphunzirira pamenepo. Pathupi pake palembedwa 12 µF, womwe ndi muyeso wa magetsi amene ingasunge, ndipo multimeter (chipangizo choyezera magetsi) inaonetsa 11.7, zomwe zili m'malire a 5 peresenti amene alembedwa pomwepo. Dzuwa linalowa ndisanapeze cholakwika chilichonse.

Usiku ndi pamene ndinadzifunsa funso limene ndinayenera kuyamba nalo: ngati mota inali yakupsa, inachapa bwanji? Mota yochapa ndi yofinya ndi imodzimodziyo. M'makina a mtundu uwu, mota imazunguza lamba, lamba amazunguza kilachi yomwe ili pansi pa mgolo, ndipo kilachiyo ndiyo imasankha ngati pazungulire mbale yokha ya pansi ija yotakasa zovala, kapena mgolo wonse. Chinanso chimene ndinanyalanyaza n'chakuti makinawa amatsata ndondomeko ndipo sadumpha. Sangayambe kufinya ngati kachipangizo koyeza madzi sikanawauze kuti madzi atha. Choncho kusafinyako sikunali matenda ayi, chinali chizindikiro chabe, ndipo ndinayenera kufunafuna chifukwa chimene madzi sankatulukira.

M'mawa mwake ndinaimiritsa makina, ndinachotsa chitseko chakumbuyo, ndinathira ndowa ziwiri za madzi m'mgolo, n'kusankha kufinya kokha, ine nditanjuta patali pang'ono, manja ali kumbuyo. Makina anga alibe pampu. Madzi amatuluka okha motsetsereka, n'chifukwa chake paipi yotayira madzi iyenera kugona pansi, osati kukolekedwa m'mwamba monga zimakhalira ndi makina okhala ndi pampu. M'malo mwa pampu muli kamota kakang'ono kamene kamakoka kachingwe kachitsulo, ndipo kukoka kumodziko kumagwira ntchito ziwiri: kumatsegula valavu yotulutsa madzi, komanso kumamasula buleki ya kilachi kuti mgolo uzungulire. Luso limeneli limandisangalatsa kwambiri, ngakhale lili ndi kuipa kwake, kuti kamotako kakafa, kutulutsa madzi ndi kufinya zimafera limodzi, ndipo munthu wosadziwa amaganiza kuti zawonongeka ndi zinthu ziwiri. Kanga kanali kamoyo. Ndinakamva kakung'ung'udza, ndinaona chingwe chikukokeka mpaka kumapeto, koma kupaipi madzi ankangodontha ngati mpope wa m'chilimwe. Patapita mphindi zingapo makina anatopa kudikira n'kuyambanso kulira.

Apa tsopano zinaonekeratu kuti valavu ikutseguka koma njira yatsekeka. Ndinazulanso pulagi, ndinaika beseni pansi, ndinamasula chingwe chija, n'kupotokola chivundikiro cha valavu pang'onopang'ono, chifukwa m'kati muli sipuling'i imene imakankha, ndipo ikadumpha mungaifune m'nyumba monse. Nditasolola mphira wotsekera, ndinapisa chala ndipo ndinakhudza chinthu cholimba chitagona mopingasa pakhomo penipeni pa madzi. Kanali kandalama ka 50 ngwee, kakuda bii, katakulungidwa ndi ulusi, tsitsi, ndi phini wa m'mutu wopindika. Ndinakakoka ndi pulayala, ndipo madzi otsala anakhuthuka mwamphamvu mpaka beseni linasefukira. Mwini kandalamako sanapezeke. Ana onse anakana.

Funso linatsala ndi la mmene kanafikira kumeneko, pakuti timabowo ta m'mbali mwa mgolo ndi tating'ono. Njira yake ndi mpata umene uli pakati pa mphepete mwa mbale yotakasa ija ndi pansi pa mgolo. Ndinachotsa kachipewa ka pakati, ndinamasula bawuti ndi sipanala ya 10, koma mbaleyo inakana kutuluka chifukwa inali itamatirira pa mtanda wake. Ena amaitema ndi sikuludiraiva m'mbali, koma pulasitiki yakale imasweka msanga, ndipo mbale yofanana nayo sindikuganiza kuti ndikanaipeza m'masitolo a ku Down Shops tsiku lomwelo. Ndinalowetsa nsanza ziwiri za chitenje pansi pake mbali iyi ndi iyo, ndinathira madzi otentha pakati, n'kumakoka mogwedeza mpaka inalola. Zimene ndinapeza pansipo ndi zochititsa manyazi kwa munthu amene amanena kuti amasamala zipangizo: matope a sopo wa ufa osakanikirana ndi mchenga, mabatani atatu, ndi msomali wa dzimbiri. Kafungo kamene tinkanamizira nyengo ya mvula kankachokera pamenepo. Ndinakwecha ndi mswachi wakale mpaka pulasitiki inayera.

Popeza kumbuyo kunali kotsegula kale, ndinayang'ananso kapaipi kowonda koonekera m'kati, kamene kamachoka pansi pa mgolo wakunja, umene umasunga madzi, kupita kumtunda. Madzi akamakwera m'mgolo amapanikiza mpweya wa m'kapaipiko, ndipo kachipangizo ka kumtunda kamawerenga kupanikizikako kuti kadziwe pamene madzi afika. Kapaipi kameneka kakabooka, makina amangothira madzi osaleka. Kakatsekeka ndi sopo, akhoza kuganiza kuti madzi akadalimo pamene atha kale. Ndinakazula kumtunda n'kuuzira cha kumgolo, osati cha ku kachipangizo, chifukwa mpweya wamphamvu ungakawononge. Kanali kabwino. Ndinatsukanso kasefa ka pakhomo lolowera madzi, kamene kanali kodzaza ndi timchenga ta m'thanki yathu, ndipo tsopano mgolo ukudzaza msanga kuposa kale.

Nditabwezeretsa zonse, ndinayesa kaye popanda zovala, ndikuyang'anitsitsa pa valavu ngati pakudontha, chifukwa mphira uja ukakhala mopendekeka makina sasunga madzi. Panali pouma. Kenako ndinaika mayunifomu, ndipo anachapa, anatulutsa madzi, anafinya mpaka kumapeto.

Ntchito sinathe, komabe. Pofinya matawulo Lachitatu, mgolo unagunda m'mbali kangapo, makina anaima, anathiranso madzi kuti asalaze zovala, kenako n'kuyesanso. Poyamba ndinaganiza kuti ndi simenti ya pakhonde pathu, imene ndi yotsetsereka, choncho ndinasintha mwendo wakutsogolo mpaka makina analeka kutsimphina. Kugundako kunachepa koma sikunathe. Mgolo umalendewera pa ndodo zinayi zokhala ndi masipuling'i, imodzi pangodya iliyonse, ndipo ndikaukankhira pansi ndi manja awiri n'kuusiya, umadumphadumpha katatu kapena kanayi m'malo mobwerera kamodzi n'kukhazikika. Ndodo ya kumbuyo kumanzere ndiyo yafooka kwambiri, ndipo mafuta ake anauma. Mnzanga wina amene amakonza mafiriji pafupi ndi msika wa Kapata anandilangiza kuti ndisagule imodzi yokha, chifukwa yatsopano pakati pa zotopa zitatu imapendeketsa mgolo, ndipo ndikuona kuti akunena zoona. Ndayeza kutalika kwa ndodo, ndajambula chikwangwani cha nambala ya makina, ndipo ndatumiza zonsezi pa WhatsApp kwa mlamu wanga ku Lusaka kuti akafunefune zonse zinayi n'kuzikweza basi. Podikira, matawulo ndi mabulangete tikuchapa pamanja, ndipo pakhoma pamwamba pa makina ndakhomera kachitini koponyamo za m'matumba. Dzulo lokha munagwa 1 kwacha ndi chotsekera bolopeni.