Tsiku limene ndinagulitsa dzuwa

Pa loji yomwe ndimagwira ntchito, m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, pali bolodi lakuda pakhomo la chipinda chodyera. Wolembapo ndine, ati chifukwa zilembo zanga zimaoneka bwino. M'mawa uliwonse ndimatenga choko n'kulemba zakudya za tsikulo, chambo chowotcha, kampango akapezeka, ndi zina zoti alendo adziwe. Tsiku lina mu Seputembala, mwera utaleka kuvuta, abwana anandiuza kuti ndilembe zoti madzulo kuli ulendo wa boti la thanga, wokaonera pamadzi dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri. Ndinalemba mosakayika n'komwe: "Sunset sale, 4:30."

Nthawi itayandikira, amayi awiri achizungu anatsika ndi tizikwama tawo m'manja, akufunsa komwe kuli katundu wotsika mtengoyo. Iwo ankayembekezera zitenje ndi ziboliboli. Ine ndikuwalozera boti. Iwo kuyang'ana boti, kuyang'ana ine. Kenako mmodzi anapita pabolodi paja, kufufuta ndi chala, n'kulemba "sail". Anaseka mwaulemu, koma madala oyendetsa boti sanandikhululukire. "Achemwali, dzuwalo mwagulitsa zingati? Mutigawireko ya sopo." Mpaka lero akandiona ndanyamula choko amafunsa ngati katundu wafika.

Pa MSCE Chingerezi ndinapeza 7. Satifiketi ndinatenga, koma kulikonse komwe ndikufuna kukapitiriza maphunziro amafuna kirediti, kutanthauza 6 kapena nambala yocheperapo, ndiye ndinalembetsanso mayeso. Manyazi a tsiku lija ndi amene anandiuza poyambira. Ndinagula kope, ndinakopera mndandanda wautali wa mawu omveka mofanana koma olembedwa mosiyana, amene m'mabuku amawatchula kuti ma homophones, ndipo ndinayamba kuloweza ngati ndime za pamtima. Milungu itatu inapita choncho. Mng'ono wanga wa Fomu 2 akandifunsa tanthauzo la "their" ndi "there" ndinkayankha bwinobwino, koma ndikangoyamba kulemba chimangirizo, dzanja linkasankha lokha, ndipo nthawi zambiri linkasankha molakwika.

Amene anandimasula ndi aphunzitsi ena opuma ntchito omwe tinayandikana nyumba. Anatenga kope langa lija, n'kuliwerenga atavala magalasi awo omanga ndi ulusi, kenako anati, "Mwanawe, wasakaniza usipa ndi utaka m'dengu limodzi." Anandionetsa kuti mawu amene ndinkalakwitsa anali a mitundu iwiri. Ena amamveka mofanana ngakhale m'kamwa mwa munthu wa ku London: "sail" ndi "sale", "meat" ndi "meet", "flour" ndi "flower". Koma ena, ochuluka ndithu, amamveka mofanana m'kamwa mwathu mokha. Mzungu sangasokoneze "lake" ndi "rake", kapena "ship" ndi "sheep". Ife ndi amene tinawasandutsa mapasa.

Gulu lachiwirili ndi limene landiphunzitsa zambiri za chilankhulo changa chomwe. M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi. Kusukulu tinaphunzira kuti r amalembedwa pambuyo pa i kapena e, n'chifukwa chake timalemba "kulira" ndi "kulera" koma "ndalama" ndi "mbalame". Ukanena "kulila" palibe amene angamve zina, tanthauzo silisintha. Khutu lathu linakula likudziwa kuti kusiyana kumeneku n'kopanda ntchito, ndiye limangokutaya. Tsono ukalowa nalo khutu limeneli m'Chingerezi, "play" ndi "pray" amakhala mawu amodzi, kuwonjezapo "prey" amene ndi mapasa enieni a "pray". Nawonso "light" amalowa m'nyumba ya "right", "write" ndi "rite". Pamene mwana wa ku England akulimbana ndi mawu atatu, ine ndikulimbana ndi anayi.

Mavawelo ndiye chimake cha mavuto. Ife tili ndi asanu, a e i o u, ndipo chilichonse chimamveka monga chalembedwera. Chingerezi cha ku Britain chili ndi maliwu a mavawelo pafupifupi 20, onse opanikizana m'zilembo zomwezo. Ndiye "hat", "hut", "heart" ndi "hurt" ife timawaphikira mumphika umodzi n'kutuluka "hati". Tsiku lina ndinayankha mlendo pa WhatsApp yemwe ankafunsa za Ilala, ndinalemba kuti "the sheep is at Monkey Bay". Foni sinandichenjeze, chifukwa nkhosa ndi mawu olondola m'Chingerezi. Kungoti nkhosa sinyamula anthu kupita ku Likoma. Apa ndi pamene ndinasiya kudalira kamzere kofiira ka pafoni. Kamagwira mawu omwe kulibe, koma mawu enieni okhala pamalo olakwika kamawalola kudutsa.

Mankhwala a gulu limeneli ndi kamwa ndi khutu. Ndimatsegula dikishonale ya pafoni yomwe imatchula mawu, ndimamvera "live" ndi "leave" kangapo, n'kudzijambula ndikutchula, n'kufanizira. Poyamba ndinkangomva chimodzimodzi, ndipo ndinkaganiza kuti akundinamiza. Patapita masiku ndinayamba kumva kuti wina ndi wamfupi, womasuka, winayo ndi wotalika, milomo itatambasuka ngati ukumwetulira. Pa r lilime siligunda kumwamba kwa kamwa, pa l limagunda kuseri kwa mano. Mng'ono wanga amandiseka ndikamayeserera pakhonde usiku, ati ndikumveka ngati chule wa kudambo.

Gulu loyamba lija ndi nkhani ina, chifukwa kumeneko khutu silithandiza chilichonse, ngakhale utalinola bwanji. Ndinkakwiya nalo kwambiri mpaka aphunzitsi aja atandifotokozera komwe linachokera. Mawu ambiri amenewa kale ankamveka mosiyana. K wa mu "knight" ndi "knot" ankatchulidwa, ndipo "meat" ndi "meet" anali ndi mavawelo osiyana. William Caxton atakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, kalembedwe kanayamba kukhazikika pang'onopang'ono, koma katchulidwe kanapitiriza kusintha, makamaka mavawelo aatali, amene anasuntha kwambiri pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1700. Zolemba zinaima, pakamwa panapitirira ulendo. Choncho ndikamalemba k wosamveka uja, ndikulemba mmene ankayankhulira anthu amene anafa kalekale.

Nkhani ya "flour" ndi "flower" inandisangalatsa kuposa zonse, mwina chifukwa ndimakhalira kukhitchini. Poyamba anali mawu amodzi: ufa wosalala ankautenga ngati duwa la tirigu, mbali yake yabwino koposa. Ngakhale m'dikishonale ya Samuel Johnson ya mu 1755, ufa ndi duwa zonse zili pansi pa "flower". Ndikanabadwa nthawi imeneyo bwenzi ndikukhoza.

Ndipo ndisanyoze Chingerezi chokha. Ifenso tili ndi zathu, kungoti n'zotembenuza. Timalemba "mtengo" wa mango ndi "mtengo" wa chambo pamsika mofanana, koma potchula mawu amakwera mosiyana. Chimodzimodzi "khungu" la pathupi ndi "khungu" la maso. Palibe Mmalawi amene amaima n'kusokonezeka akawerenga kuti mtengo wa sopo wakwera, chifukwa mawu oyandikana nawo amamuuza. Nzeru yomweyi ndi imene ndinaitengera ku Chingerezi: ndinasiya kuloweza mawu ali okhaokha, ndinayamba kuwagwira ali ndi abale awo. "Sale" ndi m'bale wa "salesman", munthu wogulitsa. "Sail" ndi m'bale wa "sailor", ngati madala aja. "Here", "there" ndi "where" onse ndi a malo ndipo onse ali ndi "here" m'mimba. "Hear" ali ndi "ear", khutu lomwe umamvera.

Zina ndinapanga ndekha, ndipo zimenezi ndi zimene sizichoka m'mutu. "Weather" ali ndi "eat" pakati, monganso "heat", ndipo munthu wokhala ku Mangochi mu Okutobala sangaiwale kuti nyengo ndi kutentha n'chinthu chimodzi. "Whether" amayamba ngati "which", ndiye ndi wosankha pakati pa ziwiri. "Stationery" wa e ndi wa maenvulopu ndi makope, "stationary" wa a ndi minibasi yomwe yaima padepoti kudikira kuti idzaze. Za "they're" ndi "it's" n'zosavuta ukadekha: ndimawatambasula kukhala "they are" ndi "it is", chiganizo chikamveka ndiye kuti kakoma kapamwamba kaja kali pamalo pake, chikapanda kumveka ndimakachotsa.

Pali awiri amene akundizunzabe, "practice" ndi "practise". M'kalembedwe ka ku Britain, kamene timatsata kusukulu kuno, wa c ndi dzina ndipo wa s ndi mneni. A ku America amalemba c ponseponse, ndipo foni yanga, yomwe ndinaigula kale itatcheredwa Chingerezi cha kumeneko, inkandifufutira wa s uja ngati cholakwika. Aphunzitsi aja anandipatsa kiyi: yesa kuikapo "advice" ndi "advise", amene amamveka mosiyana. Pomwe pakukwana "advice" lemba c, pomwe pakukwana "advise" lemba s. Zimatheka, koma ndimachedwa, ndipo m'chipinda cha mayeso wotchi sidikira munthu.

Kusiyana kwa Britain ndi America kunandionetsanso china. Alendo ambiri ochokera ku England satchula r wa pambuyo pa vawelo, choncho kwa iwo "sauce" ndi "source" amamveka chimodzimodzi, pomwe kwa Mmereka ndi mawu awiri osiyana. Ifenso r ameneyu sitimutchula. Ndikayang'ana zithunzi zakale za bolodi langa pafoni, ndimapeza kuti kwa miyezi ingapo alendo ankadya chambo ndi "tomato source", ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza.

Masiku ano kope lija ndinaligawa pakati. Kutsogolo kuli mawu a kamwa, amene ndimawatchula mokweza. Kumbuyo kuli mawu a dzanja, ndipo aliwonse ndimawalembera chiganizo cha zinthu zomwe ndimaziona: ndalama ya kabaza kuchoka pa Bakili Muluzi Bridge kukafika kumsika ndi "fare", wakabaza akapanda kundibera ndiye kuti wachita "fair". Loweruka lililonse mng'ono wanga amandiwerengera ziganizo 20 kuti ndilembe. Vuto lake n'lakuti nayenso l ndi r amawasakaniza, ndiye nthawi zina timakangana kuti walakwa ndani, wowerenga kapena wolemba. Sabata yatha ndinakhoza 17. Ziwiri mwa zitatu zotsalazo ndikukanabe kuti zinali zanga.

Dzulo abwana anati ndiwonjezere pabolodi kuti alendo akhale atakwera boti ikamakwana 4:30. Ndinalemba "All guests on", kenako choko chinaima m'mwamba. "Board" kapena "bored"? Ndinakumbukira kuti "board" ndi thabwa, ngati bolodi lomwe ndinali kulembapolo, ndipo boti nalonso ndi la matabwa. Ndinalemba b, o, a, r, d. Nditacheuka ndinapeza madala aja aima kumbuyo kwanga, chigubu cha petulo m'manja, akuwerenga chilembo chimodzichimodzi milomo ikugwedera.

"Lero simukugulitsa kanthu, achemwali?"

"Lero ayi, madala. Katundu watha."