Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Malalanje a pamanda

Gawo lapitali ndinalekezera pomwe bwana anandichotsa pa ntchito yosakaniza penti n'kundipatsa tebulo langalanga. Kampani yathu inali yaing'ono, ndipo ntchito yathu inali youmba tinyumba toonetsa momwe malo a m'mapaki achisangalalo adzaonekere akadzamangidwa. Mu 2014 tinapeza kasitomala wa kum'mwera kwa China amene ankafuna nyumba yoopseza, ija anthu amakwera tingolo n'kumadutsa mumdima akukuwa.

Apa ndiye ndinadziona wochenjera. Ndinati manda achizungu okhala ndi mitanda sangawagwire mtima anthu amenewa, choncho ndinaumba timanda tofanana ndi ta kwawo. Pachitseko ndinalembapo 4 m'malo mwa 13, nambala imene azungu amati ndi yatsoka, poti ndinali nditamva kuti m'chinenero cha ku Hong Kong liwu la nambala imeneyi limamveka ngati la imfa. Kutsogolo kwa manda ndinaikako kambale ka malalanje atatu, lililonse laling'ono ngati batani la malaya. Nthabwala yake inali yakuti ngolo ikamadutsa, dzanja la mafupa lizituluka m'nthaka n'kuba lalanje limodzi. Malalanjewo ndinawapenta masiku awiri athunthu, mpaka timadontho ta pakhungu lake.

Tsiku lokaonetsa, mkulu wa gulu lawo, bambo wa imvi, anawerama n'kuyang'anitsitsa kambaleko. Sanakalipe ayi. Anangokatola ndi zala ziwiri, n'kukaika kumapeto kwa tebulo, kutali ndi dzanja lija. Msonkhano sunachedwe kutha.

Tili mu lifiti, mayi amene ankatitanthauzira anandiyandikira. "Bambo, ntchito yanu ndi yokongola," anatero chapansipansi, "koma malalanje amenewo ndi omwe ine ndimakawaikira agogo anga pa Ching Ming, tikamakasesa manda kumayambiriro kwa Epulo. Amene ali m'mandamo si mzukwa. Ndi agogo."

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Bwana sananditukwane, anangoti, "Mawa upite ku Lantau, ukakwere Mystic Manor mpaka utamvetsa."

Mystic Manor ndi nyumba yokweramo tingolo ya mu Hong Kong Disneyland, paki imene ili pachilumba cha Lantau. Pakiyi inatsegulidwa pa 12 Seputembala 2005, ndipo omanga ake anamvera akatswiri a feng shui, mwambo wachitchaina wokonza malo kuti abweretse mwayi, pa zambiri: chipata chachikulu anachipotoza madigiri 12, njira yochokera pa siteshoni ya sitima anaikhotetsa kuti mwayi usathawire kunyanja. Zimenezi ndinkazidziwa kale, ndipo kunena zoona ndi zomwe zinandipusitsa. Ndinkayesa kuti kusinthira anthu ena chinthu n'kusintha manambala ndi mitundu ya penti basi.

Mystic Manor anaitsegula mu 2013. M'mapaki ena a kampani ya Disney muli nyumba ya mizukwa, yoyamba ija ya ku California ya 1969 imene amati muli mizukwa 999 yovina ndi kuseka. Ku Tokyo anaitengera pafupifupi momwe ilili, ku Paris anaisintha dzina kukhala Phantom Manor n'kuipatsa nkhani yachisoni ya mkwatibwi. Koma ya ku Hong Kong mulibe mzukwa ndi umodzi womwe. Mwini nyumba ndi nkhalamba yokonda kutolera zinthu zakale za m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ali ndi pusi wake, Albert. Pusiyo, chifukwa cha manja oyabwa, amatsegula kabokosi koimba nyimbo, m'menemo n'kutuluka fumbi lowala limene limadzutsa chilichonse m'nyumbamo: zida zoimbira, zithunzi za pakhoma, zovala zachitsulo zankhondo. Tingolo take tilibe njanji, timangoyenda tokha pansi posalala, kutembenuka ndi kupatukana mosayembekezereka.

Ndinakwera kanayi. Ulendo wachitatu ndinasiya kuyang'ana makoma n'kuyamba kuyang'ana anthu. M'ngolo yanga munali gogo wamkazi ndi kamdzukulu kake ka zaka ngati zisanu. Pamene chipinda chinada n'kuyamba kuwomba mphepo, kamwanako kanabisa nkhope m'khwapa mwa agogo ake, agogowo akuseka mpaka kupukuta misozi. Mantha analipo ndithu, mtima kugunda, kukuwa, zonse zija kasitomala wathu ankafuna. Kungoti wolakwa anali pusi, ndipo aliyense angathe kumuseka pusi. Ndinadzifunsa kuti gogo ameneyu ndikanamudutsitsa pa timanda tanga tija, akanamuuza chiyani mdzukuluyo?

Pambuyo pake ndinadzamva kuti ngakhale akuluakulu amapunthwa. Paki ya kufupi ndi Paris itatsegulidwa mu Epulo 1992 sinkagulitsa vinyo, m'dziko limene vinyo amapita limodzi ndi nkhomaliro, ndipo mu 1993 lamulolo analisintha. Koma kwa ine cholakwa ngati chimenecho n'chopepuka, chimakonzeka ndi botolo. Changa chinali cholemera, chifukwa ndinachita kufufuza mwambo wa anthu, n'kuupeza, n'kuusandutsa choseketsa. Ndikanasiya mitanda yachizungu ija mwina akanangoti ndi zachilendo.

Nditabwerera kuntchito ndinapala manda onse ndi mpeni. M'malo mwake tinaumba sitolo yakale ya zidole imene imadzuka usiku mwini wake akatseka chitseko, ndipo dzanja lakuba lija linasanduka la chidole chamatabwa chimene chimalanda chipewa cha mlonda. Bambo wa imvi uja ataona, anaseka kamodzi kokha, kaphokoso ka m'mphuno, n'kufunsa kuti chipewacho chizibwerera bwanji pamutu ngolo yotsatira isanafike. Funso limenelo linatidyera miyezi iwiri, ndipo ndi nkhani ya gawo lotsatira.

Kambale ka malalanje sindinakataye. Mayi otanthauzira aja anakapempha, ndinawapatsa.